Msonkho achotsere ndani, pomwe olera ana amasiye salandira malipiro?

Sabata yatha m'kalasi mwathu munabuka mtsutso. Mnzanga wina anati boma la Malawi litengere chitsanzo cha dziko la America, komwe kuyambira mu 1997 banja lomwe latenga mwana mwalamulo kuti limulere ngati wobereka lokha limachotseredwa msonkho. Anthu anawomba m'manja. Ine sindinawombe, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kwathu ndi ku Area 23, m'dera la Tsabango. Mchemwali wa mayi anga atamwalira, ana ake atatu anabwera kudzakhala nafe. Panalibe loya, panalibe woweruza milandu. Amalume anangolankhula pambuyo pa maliro, mayi n'kunyamula zikwama za anawo kukakwera minibasi. Pitani ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo kapena kwa Mgona, mukapeza kuti umu ndi momwe ana amasiye amapezera pokhala: kwa agogo, kwa azakhali, kwa amayi aang'ono ogulitsa mandasi.

Tsono funso ndi ili: MRA ingawachotsere msonkho uti anthu amenewa? Msonkho wa PAYE umadulidwa pa malipiro a pamwezi. Mu 2020 boma linati K100,000 yoyamba isamadulidwe msonkho, ndipo mu 2024 malirewo anafika pa K150,000. Mayi wogulitsa tomato, mnyamata wa kabaza, gogo wotchova maganyu ochapa, onsewa sali m'kaundula wa PAYE. Mukachotsera msonkho munthu yemwe sadulidwa kale, mwamupatsa chiyani? Opindula adzakhala a ku Area 10 ndi Area 43, omwe ali ndi malipiro onona komanso ndalama zolipirira loya.

Vuto lina ndi pepala. Lamulo lathu lotengera ana, Adoption of Children Act, ndi la mu 1949, nthawi ya atsamunda, ndipo limafuna chilolezo cha khothi. Ambirife tinalidziwa chifukwa cha Madonna, yemwe anatenga David Banda mu 2006 ndi Mercy James mu 2009. Iye anali ndi maloya mpaka nkhani ya Mercy inakathera ku Supreme Court. Mayi anga alera ana atatu popanda chikalata ngakhale chimodzi, ndipo thandizo likamangidwa pa chilolezo cha khothi, ndiye kuti pamaso pa boma sanalere aliyense.

Wina asanene kuti osauka salipira msonkho. Amalipira VAT akagula nsapato za sukulu, amalipira akagula mayunitsi a foni, ndipo tsiku lililonse amadula tikiti ya khonsolo mumsika, malonda ayende kapena ayi. Mwana aliyense wowonjezera pakhomo amakweza msonkho umenewu. Boma limadya nawo pa chifundo cha anthu osauka, kenaka nduna zikabwera pamaliro n'kumatikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Sindikukana kuti olera ana apepukidwe. Ndikuti thandizo litsate mwana, osati payslip. Lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act limazindikira kale anthu olera ana omwe si awo. Ofesi ya Social Welfare, mothandizana ndi mafumu a m'mabuloko, ilembe mwana aliyense pogwiritsa ntchito chiphaso chake cha kubadwa cha ku NRB. Wolera ali pantchito akwezeredwe malire a ndalama zosadulidwa msonkho. Wosalembedwa ntchito alandire ndalama yofanana pa Mpamba kapena Airtel Money. Njira yake si yachilendo: Mtukula Pakhomo unayamba ku Mchinji mu 2006. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe nayo ileke kudulitsa tikiti gogo wolera adzukulu asanu.

Ndikudziwa chomwe ena anene: anthu adzalembetsa ana abodza. Inde, akuba sasowa. Koma mabiliyoni a Cashgate mu 2013 sanabedwe ndi amayi a kwa Mgona. Anaba ndi anthu a mataye ku Capital Hill, ndipo Capital Hill sitinaitseke. Kuba timathana nako pofufuza ndi kumanga akubawo, osati pomana ana chakudya.

Aphungu athu a ku Lilongwe, nkhani ya bajeti ikadzabweranso m'nyumba ya malamulo, mudzafunse funso limodzi musanavomere kuchotsera aliyense msonkho: kodi ndalama imeneyi idzafika pakhomo pomwe ana asanu ndi awiri akugona pa mphasa imodzi? Ngati yankho lili ayi, mudzakane.