Nkhanza za pa Intaneti: Kodi Dandaulo la ku Chinguluwe Lingamveke?

Mu Ogasiti 2022 kudatuluka buku la nkhani yopeka lotchedwa The Ink Black Heart, lolembedwa ndi J.K. Rowling wa ku Britain, yemwe pa mabuku ake a zofufuza milandu amagwiritsa ntchito dzina loti Robert Galbraith. M'bukumo muli mayi wachitsikana wojambula makatuni, Edie Ledwell, amene akuzunzidwa usana ndi usiku pa intaneti ndi munthu wodzibisa pa dzina loti Anomie. Atatopa ndi chipongwecho apita ku ofesi ya ofufuza milandu omwe si apolisi kukapempha thandizo, koma abwezedwa poti ofesiyo ili ndi ntchito yambiri ndipo ilibe ukatswiri wosaka anthu obisala pa makina. Pasanapite nthawi, mayiyo apezeka ataphedwa kumanda a Highgate mumzinda wa London. Apa m'pamene kufufuza kwenikweni kuyambika.

Owerenga bukuli adagawanika maganizo. Ena adadandaula kuti ndi lalitali kwambiri, popeza lili ndi masamba pafupifupi 1,000, ndipo ambiri mwa masambawo ndi mauthenga a pa intaneti otopetsa kuwatsata. Ena adaliyamikira ponena kuti likuonetsa bwino momwe gulu la anthu osadziwana limagwirizanirana pomuwukira munthu mmodzi. Enanso adati mlembiyo amangobwezera anthu amene amamudzudzula pa masamba a mchezo, ngakhale mwini wake adanena kuti adalemba nkhaniyo zina mwa zomwe zidamuchitikira zisanachitike. Ife tikuona kuti mfundo yaikulu ya bukuli ili koyambirira kuja, pamene munthu wodandaula akubwezedwa chifukwa chomwe chikumupweteka ndi mawu chabe ndipo palibe bala loti aonetse. Funso lomwe tiyenera kudzifunsa ngati Amalawi ndi lakuti, kodi mtsikana kapena mayi wa ku Chinguluwe m'boma la Salima atapita ndi dandaulo lotere, angalandiridwe bwanji?

Sitikufunsa izi mongoyerekeza. Chinguluwe ndi dera la alimi, lomwe lidadziwika kalekale ndi sikimu ya ulimi wa thonje, ndipo monga madera ena onse a kumudzi, foni ya m'manja idafika kale. Foni yomweyo imene mlimi amamvera mitengo ya mbewu, kulandirira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg ndi kumvera uthenga wa maliro, ndiyonso ingathe kufalitsa chithunzi chochititsa manyazi cha mwana wasukulu, kapena mawu ojambulidwa onamizira mayi wina ufiti kapena chiwerewere. Kumudzi nkhanza zoterezi zimapweteka koposa m'tauni. Anthu a pa gulu la WhatsApp ndi omwewo amene wozunzidwayo akumane nawo pa mjigo, kuchigayo ndi pamsika, ndipo alibe kothawira. Kale miseche inkathera pa chitsime. Lero imasungika m'mafoni, ndipo madzi akatayika saoleka.

Lamulo loteteza anthu ku mchitidwewu lilipo. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 86 la lamuloli likuletsa kugwiritsa ntchito makina potumizira munthu mawu olaula kapena omuopseza kuti avulazidwa iye kapena katundu wake, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K2,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Gawo 87 likukhudza yemwe mwadala ndi mobwerezabwereza amasowetsa mnzake mtendere ndi mauthenga opanda cholinga chenicheni, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Gawo 88 likuletsa kulondalonda munthu pa makina ndi kumuopseza, ndipo chilango chake ndi chofanana ndi cha gawo 87. Kuwonjezera apo, lamulo la Gender Equality Act la 2013 lidaletsa kale kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana. Tikawerenga malamulowa tingaganize kuti munthu wamba ndi wotetezedwa mokwanira.

Koma tiyeni tione milandu yomwe yamveka kwambiri m'dziko muno. Mu Meyi 2022 apolisi adamanga namwino wina wa ku Ntcheu pomuganizira kuti adanyoza Lazarus Chakwera, yemwe pa nthawiyo adali mtsogoleri wa dziko lino, pa zokambirana za pa WhatsApp, ndipo mlandu womwe adamutsegulira udali wa gawo 86 lomwe lija. Mu Meyi 2024 bwalo la milandu m'boma la Dowa lidapeza bambo wina wa ku Mponela wolakwa kaamba ka kanema wa pa TikTok woonetsa nkhope ya mtsogoleri yemweyo pa thupi la munthu wovina, ndipo lidamulamula kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe adagwidwa ndipo foni ndi kompyuta yake zidalandidwa chifukwa cha nkhani yokhudza katangale, ndipo mu Epulo 2024 mtolankhani wina, Macmillan Mhone, adamangidwanso kaamba ka nkhani yomwe idatuluka pa intaneti.

Milandu imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, apolisi athu ali nako kuthekera kotsata uthenga wa pa foni mpaka kumupeza mwini wake, ngakhale ali kutali ndi likulu. Chachiwiri, liwiro lotere laoneka kwambiri pamene wodandaula ali munthu waudindo. Mabungwe oona za ufulu wa atolankhani monga MISA Malawi akhala akudandaula kuti lamulo lomwe lidayenera kuteteza ofooka lasanduka chida chotsekera pakamwa odzudzula. Makhoti nawo ayamba kuunikanso malamulo a mtunduwu. Mu Julaye 2025 bwalo lalikulu, litakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko, lidagamula pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele kuti gawo 200 la malamulo a milandu yaupandu, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Chigamulochi sichikupereka chilolezo chotukwana kapena kuopseza anthu ayi. Chikungosiyanitsa kudzudzula atsogoleri, komwe ndi ufulu wa nzika, ndi kuzunza munthu, komwe kudakali mlandu.

Tikumbukirenso zomwe zidachitikira Beatrice Mateyo, womenyera ufulu wa amayi, mu Sepitembala 2017. Pa ulendo wa ndawala wodzudzula nkhanza kwa amayi mumzinda wa Lilongwe, iye adanyamula chikwangwani chokhala ndi mawu omwe anthu ena adawaona ngati olaula. Apolisi adamumanga, ndipo pa masamba a mchezo adanyozedwa kwambiri. Kaya tikugwirizana ndi mawu a pa chikwangwanicho kapena ayi, tiyenera kuzindikira kuti dzanja la lamulo lidafulumira kugwira mayi mmodziyo, pamene khamu lomunyoza lidangopitiriza. Ngati zidatero ndi munthu wophunzira, wodziwa malamulo ndi wokhala mumzinda, nanga mwana wa mlimi wa thonje ayembekezere chiyani?

Kunena chilungamo, kufufuza milandu yotere n'kovuta ndithu. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, kotero kuti apolisi, akatenga chilolezo kubwalo la milandu, angathe kufunsa Airtel kapena TNM kuti mwini nambala ndani. Koma anthu achinyengo amalembetsa nambala pa ziphaso za anzawo, monga taonera pa mchitidwe wobera anthu ndalama kudzera pa foni. Mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa mwa njira yoti ngakhale kampani ya foni singawawerenge. Kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wa Facebook ndi WhatsApp, ili ku America, ndipo kupeza chidziwitso kuchokera kumeneko kumafuna makalata ndi nthawi. Kumudzi foni imodzi imagwiritsidwanso ntchito ndi anthu angapo, ndipo imasiyidwa potchajitsa kwa maola ambiri. Komabe zovutazi sizikhudza milandu yonse. Kawirikawiri wozunza ndi munthu wodziwika kale: chibwenzi chakale, mnzake wa m'kalasi, wachibale wokangana naye za munda. Pa milandu yotere chofunika kwambiri ndi wapolisi wofuna kumva ndi kulemba dandaulo, osati makina odula.

Pali chopinga china chomwe chili mwa ife eni. Mtsikana chithunzi chake chikafala, funso loyamba lomwe ambiri timafunsa ndi lakuti adajambulitsiranji. Makolo amachita manyazi, ena amamusiyitsa mwana sukulu kapena kumutumiza kwa achibale akutali, ndipo yemwe adafalitsa chithunzicho amayenda momasuka. Ndalama ya kabaza kapena minibasi yopitira kupolisi, mwina kangapo konse, ndi yomweyo yogulira ndiwo za banja. Motero milandu yambiri imafera m'nyumba. Tisaiwalenso kuti aliyense wotumiza uthenga wonyoza kwa mnzake, ngakhale sadaulembe ndi iye, wathandiza kusenza mtolo wa nkhanzazo. M'buku lija Anomie adali ndi mphamvu chifukwa cha khamu lomwe linkamuombera m'manja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tichitenji? Wozunzidwa asafufute mauthenga, ngakhale akhale opweteka chotani. Awajambule pa foni pomwepo kuti nambala, tsiku ndi nthawi zioneke, ndipo auze munthu wamkulu womukhulupirira. Apite ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, yomwe ambiri amaidziwa kuti Victim Support Unit, ndipo aonetsetse kuti dandaulo lalembedwa. Ana angathe kuimba mwaulere pa nambala ya 116, ndipo nkhani za nkhanza kwa amayi ndi abambo zingathe kunenedwa pa 5600. Oyang'anira magulu a WhatsApp achotse msanga zonyoza ndi kuchenjeza wozitumiza. Mafumu, aphunzitsi, magulu a amayi a pa sukulu ndi achitetezo cha m'midzi adziwe kuti kuopseza munthu pa foni ndi mlandu, ndipo nkhani yokhudza zithunzi zolaula za mwana siyoweruza ndi nkhuku kapena mbuzi pabwalo la mfumu, koma yopita nayo kupolisi.

Ku boma pempho lathu ndi lomveka. Bungwe la MACRA, lomwe lamulo la 2016 lidalipatsa udindo waukulu pa chitetezo cha pa intaneti, lifalitse lamuloli m'Chichewa ndi m'zinenero zina kudzera pa mawayilesi a m'madera. Apolisi a m'maboma ndi a m'mayuniti ang'onoang'ono aphunzitsidwe kasungidwe ka umboni wa pa foni, kuti ukatswiri usathere ku Lilongwe. Aphungu aunikenso magawo omwe mawu ake ndi otambalala kwambiri, kuti asamagwiritsidwe ntchito pomanga odzudzula. Ndipo apolisi azilengeza poyera kuchuluka kwa madandaulo a nkhanza za pa intaneti omwe alandira kuchokera kwa anthu wamba ndi momwe athera, kuti tonse tione ngati sikelo ikuyeza mofanana.

Owerenga nkhani za ofufuza milandu amasangalala chifukwa amadziwa kuti pa tsamba lomaliza wolakwa agwidwa. Koma m'nkhani zoterezi kufufuza kumayamba munthu atafa kale. Ife sitingadikire zimenezo. Ubwino wa lamulo la 2016 udzaoneka tsiku limene mayi wa ku Chinguluwe adzalowe mu ofesi ya apolisi atanyamula foni yake yakale, wopanda bala ndi wopanda dzina lotchuka, n'kupatsidwa mpando, dandaulo lake n'kulembedwa, ndipo womuzunzayo n'kuitanidwa sabata yomweyo.