WOWERUZA SI KAPITAO WA PULEZIDENTI

Pali mkangano umene ubuka nthawi zonse pamene mtsogoleri wa dziko afuna kuika munthu pa mpando wa woweruza wamkuru. Ena amati, "Pulezidenti tinamsankha tokha, mlekeni aike amene amkonda." Ena amati, "Iai, tiyambe taona ngati manja a munthuyo ali oyera." Ife tiri ndi aciwiriwa. Kuti mumve cifukwa cace, tamverani zimene zinacitika ku America kuyambira 1968 kufikira 1974.

Ku America Bwalo Lalikuru la Mirandu liri ndi oweruza 9. Pulezidenti ndiye achula dzina, koma munthuyo sakhala pa mpando ngati Senate, nyumba ya aphungu 100, siinabvomere. Akalowa palibe Pulezidenti angamcotse. Cifukwa cace mau onse ayenera kunenedwa iye asanalowe.

Woyamba ndi Abe Fortas, bwenzi lakale la Pulezidenti Lyndon Johnson. Munthuyu sanali mdani wa amphawi. Mu 1963, ali loya, ndiye anaimira Gideon, mkaidi wosauka, ndipo bwalo linagamula kuti mmphawi woimbidwa mlandu waukuru apatsidwe loya ndi Boma. Johnson anamuika m'Bwalo Lalikuru mu 1965, ndipo mu 1968 anafuna kumkweza akhale mkuru wa oweruza onse. Pomwepo zinaululika kuti Fortas, ali woweruza kale, anali kupitabe kukapangira nzeru Pulezidenti, ndi kuti analandira madola 15,000 a maphunziro amene anapatsa pa yunivesite, ndarama zosonkhedwa kwa anthu amalonda. Dzina lace linabwezedwa mu October 1968. Mu 1969 magazini ya Life inaulula zina: analandira madola 20,000 ku thumba la banja la Louis Wolfson, wamalonda amene Boma linali kumfufuza. Fortas anali atabweza ndaramazo, komabe mu May 1969 anatula pansi udindo.

Tsono tinene zoona. Ambiri mwa amene anamsaka Fortas anali aphungu a tsankho a kumwera, monga Strom Thurmond, amene anadana ndi bwalolo kuyambira 1954 pamene linaletsa kupatula ana akuda m'masukulu. Mitima yao siinali yoyera. Koma kuipa kwa wokunenera mlandu sikutsuka ndarama zimene walandira. Bwenzi lathu likadya kumbali, tisalibise cabe cifukwa adani ndiwo aliona.

Pulezidenti Richard Nixon anafuna kudzaza mpando umenewo ndi Clement Haynsworth wa ku South Carolina. Apa anchito cherani khutu. Mu 1956 anchito a fakitale ya nsaru ku Darlington anabvota kuti alowe bungwe la anchito. Eni ace anatseka fakitale yonse, ndipo anthu ngati 500 anakhala opanda nchito. Mlandu utafika kwa Haynsworth ndi anzace mu 1963, iye anagamula mokomera kampani. Pambuyo pace zinadziwika kuti pa nthawi yomweyo iye anali ndi gawo m'kampani ya makina ogulitsa zakudya ndi zakumwa, imene inali kucita malonda m'mafakitale a eni omwewo. Bungwe lalikuru la anchito, AFL-CIO, ndi bungwe la anthu akuda, NAACP, anagwirana manja nakana. Cala cimodzi sicipha nsabwe. Mu November 1969 Senate inamkana ndi mabvoti 55 kwa 45, ndipo mwa okanawo 17 anali a cipani ca Nixon yemweyo.

Nixon anakwiya, nabweretsa G. Harrold Carswell wa ku Florida. Atolankhani anafukula mau amene munthuyu ananena mu 1948 pofuna mabvoti ku Georgia, akuti akhulupirira kuti Mzungu ayenera kukhala pamwamba pa munthu wakuda. Iye anati anasintha maganizo. Koma ngakhale omuikira kumbuyo analephera kunena kuti ndi katswiri wa malamulo: phungu Roman Hruska anangoti anthu a nzeru zapakati naonso ayenera kukhala ndi wowaimira m'bwalo. Dziko linaseka. Mu April 1970 Carswell anakanidwa, 51 kwa 45. Pomwepo Nixon anachula Harry Blackmun, munthu wopanda mbiri yoipa, ndipo Senate inambvomera 94 kwa 0. Muona? Aphungu sanali kukana Pulezidenti kusankha. Anali kukana kusankha koipa.

Phindu la mkangano wonsewu linaoneka mu 1974. Mu June 1972 anthu anagwidwa atathyola ofesi ya cipani cotsutsa m'nyumba ya Watergate. Nixon anali ndi matepi a zimene analankhula m'ofesi mwace, ndipo anakana kuwapereka, nati Pulezidenti ali ndi zinsinsi zace. Pa 24 July 1974 Bwalo Lalikuru linagamula, oweruza 8 onse mau amodzi, kuti apereke. Atatu mwa iwo, Warren Burger, Lewis Powell ndi Blackmun uja, anaikidwa ndi Nixon mwini, ndipo Burger ndiye analemba cigamulo. Wacinai wace, William Rehnquist, anadzipatula cifukwa anagwirapo nchito m'Boma la Nixon. Matepi anaonetsa kuti Pulezidenti anayesa kuphimba mlandu. Pa 9 August 1974 anacoka pa mpando. Mlandu suola.

Wina adzati, "Izi ndi za akuluakulu a kutali, ife zitikhudza bwanji?" Mbale, tsiku limene makina adzadula dzanja lako, kapena bwana adzakucotsa nchito wopanda malipiro, kapena adzafuna kukuturutsa m'nyumba ya m'komboni, udzaima pamaso pa woweruza. Tsiku limenelo sudzafunsa ngati iye akonda cipani cako. Udzafuna kudziwa ngati sadya m'mbale imodzi ndi bwana wako, monga anchito a ku Darlington anadziwa mocedwa.

Cifukwa cace, dzina la woweruza likachulidwa, kulikonse kumene muli, funsani mafunso atatu. Kodi ndarama zace zicokera kwa yani? Kodi mirandu ya anchito ndi amphawi anaiweruza motani kale? Kodi angathe kunena "iai" kwa munthu amene anamuika pa mpando? Funsani m'misonkhano ya bungwe lanu, funsani phungu wanu, ndipo funsani cimodzimodzi ngakhale wosankhayo ali mtsogoleri amene mumkonda. Kapitao amvera bwana. Woweruza amvera lamulo lokha.