Nkhuku zikayamba kuyetsemula: chimfine kapena chitopa?

Nyengo yotentha ikafika, nkhuku zachikuda zimafa zambiri m'midzi mwathu. Zimayamba ndi kuyetsemula ndi kupuma movutikira, ndipo alimi ambiri amangoti ndi chimfine.

Komatu matendawa ali pawiri. Chimfine chotupitsa nkhope ndi kutulutsa mamina chimadza ndi bakiteriya, sichipha zambiri, ndipo chimamva mankhwala amene mlangizi wa ziweto angakuuzeni. Chitopa chimadza ndi vairasi. Nkhuku zimachita chitosi chamadzi chobiriwira, zina zimapindika khosi, ndipo khola lonse likhoza kutha m'masiku ochepa. Chitopa chilibe mankhwala. Chimapeweka ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse isanadwale, pa miyezi inayi iliyonse.

Chimene chimakulitsa mliriwu ndi kugulitsa mwamantha. Mlimi akaona nkhuku ziwiri zafa, zotsalazo amathamangira nazo kumsika, ndipo matenda amafika m'midzi ina ali m'dengu la panjinga.

Motero alimi akupemphedwa kupatula nkhuku zodwala, kukwirira zakufa, ndi kudziwitsa mlangizi msanga. Amalonda asagule nkhuku zozyolika ngakhale zitatchipa motani. Nkhuku yogula kumene isungidwe payokha kwa masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.