Masipeya a zida za asilikali asamatilowe m'thumba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwayi pa ndalama zimene maboma amataya pogula masipeya a ndege ndi galimoto za asilikali. Ine ndine makaniko, ndipo ndimadziwa kuti mwini galimoto salira tsiku logula, amalira tsiku losaka sipeya.

Taonani za ku Amereka. M'zaka za m'ma 1980 kunamveka kuti asilikali analipira $435 pa hamala imodzi ndi $640 pa chokhalira cha chimbudzi cha m'ndege. Aphungu anakwiya, ndipo mu 1984 anakhazikitsa lamulo loti makampani azipikisana pa matenda a boma. Koma nthendayi sinathe. Mu 2019 ofufuza a unduna wa zachitetezo anapeza kuti kampani ya TransDigm inadya phindu lopyola muyeso pa masipeya 46 mwa 47 amene anaunika, ndipo inabweza $16.1 miliyoni. Mu 2024 anapezanso kuti zoikamo sopo za m'ndege ya C-17 zinagulidwa ku Boeing pa mtengo wochuluka pafupifupi ka 80 kuposa wa pamsika.

Gwero lake n'lodziwika. Boma likagula ndege osagulanso mapulani a kapangidwe ka masipeya ake, wogulitsa amatsala mmodzi yekha. Ndege ikaima, wogula alibe kolowera. Komanso maoda ang'onoang'ono sakakamiza kampani kuonetsa ndalama zimene inaononga popanga katunduyo, choncho mtengo umangotchulidwa pakamwa.

Mankhwala alipo. Mu 2018 asilikali a pa Travis Air Force Base anatopa ndi kugula makapu otenthetsera madzi a $1,280 chifukwa chongothyoka chogwirira. Anayamba kudzipangira okha chogwiriracho pa masenti 50.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ife kuno timagula zida kunja ndi ndalama zakunja zosowa kale, ndipo Cashgate wa 2013 anationetsa kuti boma likhoza kulipira ngakhale katundu amene sanabwere. Ndikupempha aphungu athu kuti pogula chida chilichonse, mtengo wa masipeya uzilembedwa mu mgwirizano tsiku lomwelo, ndipo owerengera ndalama za boma aziona malisiti onse. Chinsinsi cha asilikali chikhale pa mapulani a nkhondo, osati pa mtengo wa bawuti.

Msilikali amene galimoto yake yafera m'njira chifukwa ndalama zinathera pa sipeya imodzi ndi mwana wathu.

Makaniko wokhudzidwa,
Zomba.