Fanizani Akuda, Wokumba Miyala Amene Anasanduka Wosema

Sabata ino ndifuna kukusimbirani za mnzathu amene anayamba monga inu, kukumba miyala, koma miyala yomweyo inamchukitsa kufikira kutsidya la nyanja. Dzina lace ndi Fanizani Akuda, Mcewa wa mfunda wa Phiri.

Anabadwa m'caka ca 1932 ku Northern Rhodesia, kumene lero ticha Zambia, ndipo kusukulu sanapondeko. Mu 1949 anatsikira ku Southern Rhodesia kukafuna nchito. Anathyola thonje, analuka madengu. Mu 1966 mlimi wa fodya, Tom Blomefield, anamlemba nchito ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, yophwanya miyala kuti ena aseme. Masiku amenewo fodya sanali kuyenda malonda, pakuti maiko anakana kugula za Rhodesia, ndipo anchito a pafamupo, Acewa, Ayao ndi ena, anatembenukira ku miyala. Fanizani anakhala akuona anzace, kenaka nayenso anatola nyundo.

Poyamba zosema za ku Tengenenge anali kuzilandira Frank McEwen, mkulu wa nyumba ya zaluso imene inatsegulidwa ku Salisbury mu 1957. Koma ca mu 1969 iye anawafulatira, poganiza kuti anali kusema zocuruka ndi colinga ca ndalama cabe, nakayambitsa malo ace ku Vukutu, mbali ya ku Nyanga. Apa ine ndiri ndi mau. Ndine kalaliki, ndimalemba malipiro anu mwezi ndi mwezi, ndipo sindiona kuti luso la munthu licepa cifukwa afuna kudyetsa ana ace. Cinanso, nchito yonseyi anaicha "ya Ashona," ngakhale manja ambiri anali a anthu a kwathu.

Nkhondo itakula, mu 1975, Fanizani anasamukira ku Chitungwiza, kum'mwera kwa Harare. Kumeneko wosema sakhala ndi nyumba yaikuru yogwiriramo nchito. Bwalo la pakhomo ndi mthunzi wa mtengo zimkwanira, ndipo pfumbi lace ndi longa la m'mgodi. Ayamba wauyang'ana mwala, kuutembenuza, kuugogoda kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Pakuti mng'alu wobisika ungaononge nchito ya mwezi wathunthu pa tsiku lotsiriza, monga mudziwa inu ogogoda denga pansi. Akatero asema ndi nyundo ndi chizulo, apala ndi tupa, nasalaza ndi sandipepa m'madzi. Pomariza autentha pamoto ndi kuupaka phula, ndipo mwala wotuwa uja uda bii ndi kunyezimira.

Zosema za Fanizani simungazisokoneze ndi za wina: mitu yobulungira, maso otsinzina ngati kamzere, nkhope zomwetulira, anthu oimba mluzu, makolo okumbatira ana. Munthu wothawa nkhondo, koma nkhope zace n'zoseka! Mu 1988 cosema cace cochedwa Snake Man cinayamikiridwa pa cionetsero ca m'nyumba yomwe ija ya zaluso, imene tsopano inali National Gallery of Zimbabwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, Tengenenge inadzukanso, koma iye sanabwerereko. Anasemabe ku Chitungwiza kufikira imfa yace pa 5 February 2011. Amene mudzadzera ku Harare pa chuthi, kafunseni njira ya ku Chitungwiza Arts Centre, malo a osema amene anayamba mu 1997, mukaone nokha.