Nkhwazi ikasowa m'nyanja, mlimi asati sizikumukhudza

Mu 1992 mlembi wa ku America, John Grisham, adatulutsa buku lotchedwa The Pelican Brief. M'bukumo muli mpondamatiki wina amene akufuna kukumba mafuta m'madambo a ku Louisiana, komwe kumaswana mbalame ya vuwo. Poopa kuti mlandu woteteza madambowo umugwetsa, iye akuphetsa oweruza awiri a khoti lalikulu. Nkhaniyi ndi yopeka, koma mavuto a vuwo adalidi oona. Pofika m'ma 1960 mbalameyi idatheratu ku Louisiana chifukwa cha mankhwala a m'minda, monga DDT ndi endrin, amene ankakokoloka n'kulowa mumtsinje wa Mississippi. Poizoniyo ankalowa m'nsomba, vuwo n'kudya nsombazo, ndipo mazira ake ankakhala ndi chigoba chopyapyala chongosweka pofungatira. America idaletsa DDT mu 1972 ndipo vuwo adayambanso kuchuluka, koma mu 2010 mafuta otayika pachitsime cha Deepwater Horizon adaphanso mbalame zambirimbiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife alimi a ku Sharpevale tili m'chigwa cha Bwanje, ndipo madzi ochoka m'minda yathu amathera m'nyanja ya Malawi. Timapopera thonje kangapo pachaka, timapopera tomato, ndipo chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija mu 2017 tidayamba kupopera ngakhale chimanga. Wina akatha kupopera amakatsukira sipuleya kumtsinje, botolo n'kuliponya pakhwawa. Mvula ikagwa zonsezo zimatsikira kumene nkhwazi, kakowa ndi vuwo zimasaka chakudya. Nsomba zomwezo ndi zimene timagula pamsika kukadyetsa ana athu. Mbalame zikayamba kuchepa, ndiye kuti chenjezo lafika pakhomo pathu.

Sitikunena kuti mlimi asiye mankhwala. Thonje losapopera silipindula, ndipo ngongole ya zipangizo sidikira. Chimene tikukana n'chakuti mlimi azisenza yekha mlandu pamene malamulo akungogona m'mabuku. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000, limene lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Nanga bwanji pa tsiku la msika timapezabe mankhwala othiridwa m'timabotolo ndi m'timapepala topanda dzina, topanda malangizo, topanda tsiku lothera mphamvu? Mlimi angadziwe bwanji mlingo woyenera ngati mlangizi amaoneka mwa apo ndi apo?

Za mafuta nazonso si nkhani yakutali. Mu 2011 boma lidapatsa kampani ya Surestream Petroleum chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja yathu, ndipo makampani ena adatsatira. Mu 2014 boma lidaimitsa zilolezozo kuti liziunikenso. Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, choncho mafuta atatayikamo angakhalemo zaka zosawerengeka.

Phunziro la m'buku lija n'lakuti mbalame siingadzisumire yokha kukhoti. Pamafunika anthu oiyankhulira. Lamulo losamalira chilengedwe la mu 2017 limapatsa Mmalawi aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndiponso mphamvu zokadandaula kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa.

Choncho tikupempha boma kuti oyendera mankhwala azifika m'misika ya kumidzi, ndipo malangizo a pabotolo azilembedwa m'Chichewa chomveka. Makampani ogula thonje akonze malo otolerako mabotolo otha ntchito. Pasakhale mgwirizano wa mafuta wosainidwa mseri, asodzi, alimi ndi mafumu asanafunsidwe. Ifenso m'makalabu mwathu tigwirizane: sipuleya itsukidwe kutali ndi mtsinje, ndipo botolo la mankhwala lisasanduke chosungiramo mchere.

Nkhwazi ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Tisalole kuti zidzukulu zathu zidzaione pokhapo.