ZA CUMA CA PABANJA: Kampani ikacoka pa msika wa masheya

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, m'midzi mumafikanso anthu a pakamwa pokoma. Pakati pa nkhani zimene amanong'oneza alimi pali iyi yakuti kampani ina yaing'ono iri pafupi kugulidwa yonse ndi munthu wacuma, ndipo wogula masheya ace lero adzawagulitsa pa mtengo wokwera mawa. Nkhani yotere siikhala yabodza nthawi zonse, koma mlimi ayenera kuimvetsa bwino asanamasule ndalama zace za fodya kapena za thonje.

Masheya ndi timagawo ta kampani. Munthu amene ali nao amalandirako phindu kampani ikacita bwino, ndipo amaluza nayo pamodzi ikagwa. M'dziko muno njira yogulira masheya inatseguka mocedwa. Mu 1968, pa Mulungushi, Boma linayamba kutenga magawo 51 pa 100 alionse a makampani akulu-akulu. Lamulo la 1992 linatembenuza zinthu pokhazikitsa bungwe la Zambia Privatisation Agency kuti ligulitse makampani a Boma. Mu 1994 msika wa masheya wa Lusaka unatsegulidwa, ndipo Chilanga Cement ndiyo inayamba kulembedwa pa msikawo mu 1995. Kuyambira pamenepo munthu wamba anatha kukhala mmodzi mwa eni kampani.

Koma kampani imene yalowa pa msika itha kucokaponso. Kukhala pa msika kumadya ndalama, cifukwa pafunika kulipira oyesa mabuku a cuma, kufalitsa malipoti ndi kuitanitsa misonkhano ya eni masheya. Kwa kampani yaing'ono, imene masheya ace amatha masiku osagulidwa, mtolo umenewu umalemera. Motero mwini gawo lalikulu amapempha eni timagawo tating'ono kuti amugulitse, ndipo kawiri-kawiri amachula mtengo woposa wa pa msika kuti iwo avomere.

Izi zimacitikira ndi makampani akulu omwe. Illovo Sugar, mwini gawo lalikulu la Zambia Sugar ya ku Mazabuka, inali pa msika wa Johannesburg. Mu 2016 kampani ya ku Britain ya Associated British Foods, imene inali kale ndi magawo 51 pa 100, inagula otsalawo pa mtengo wa marandi 25 sheya imodzi, ndipo Illovo inacoka pa msika. Amene anagula masheya pa mtengo wotsika nkhaniyo isanalengezedwe ndiwo anapindula kwambiri.

Apa ndipo pagona nkhani. Mwacitsanzo, sheya ya K10 wogula atailonjeza K12, mtengo wa pa msika umakwera msanga kufika pafupi ndi K12 nkhaniyo ikangolengezedwa. Wobwera mocedwa amapeza kaphindu kocepa, kamene kamathera m'malipiro a wogulitsa masheya. Cina ncakuti malonda otere amatha kulephereka: eni masheya angakane mtengo, wogula angasowe ndalama, kapena akulu-akulu a malamulo angaletse. Zikatero mtengo umabwerera pamene unali, nthawi zina pansi pace. Cacitatu, munthu amene wakana kugulitsa, kampani nkucoka pa msika, amatsala ndi masheya amene alibe kowagulitsa, ndipo liu lace pa msonkhano silimveka.

Lamulo limateteza eni timagawo tating'ono. Munthu kapena kampani imene yapeza magawo 35 pa 100 a kampani yolembedwa pa msika wa Lusaka iyenera kupereka mwai wogulitsa kwa eni masheya onse otsala. Komabe kusintha kwa mwini sikutanthauza kucoka pa msika. Mu 2021 Huaxin Cement ya ku China inagula magawo 75 pa 100 a kampani ya simenti ya ku Chilanga, koma kampaniyo inakhalabe pa msika. Ndiponso kugula masheya potsata cinsinsi cocokera m'kati mwa kampani ndi mlandu. Munthu wonong'oneza mlimi za malonda osalengezedwa ndiye kuti akunama kapena akuphwanya lamulo.

Tsono banja licite bwanji? Masheya agulidwe kupyolera mwa wogulitsa wokhala ndi ciphaso ca bungwe la Securities and Exchange Commission, osati kwa munthu wa pa njinga wonyamula mapepala m'cola. Kalata yocokera ku kampani iwerengedwe yonse, makamaka mtengo ndi tsiku lotsekera, cifukwa tsikulo likapita mwai umapita nalo. Amai amasiye ndi ana amene anapeza zikalata za masheya m'sutikesi ya malemu asazitaye. Apite nazo kwa wogulitsa wovomerezeka kuti maina ndi keyala zikonzedwe, popeza kalata yopita ku keyala yakale siithandiza munthu.

Koposa zonse, ndalama za mbeu, za feteleza ndi za sukulu zisalowe m'malonda amenewa. Zoyenera kulowamo ndi zokhazo zimene banja lingathe kuziyembekezera zaka zingapo popanda kugona ndi njala. Akulu-akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Phindu lolonjezedwa pa kampani imene siinagulidwe likali pacala.